Chinsinsi cha nkhupakupa chili m'malovu ake

Udzudzu ukaluma, ntchito yake imatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Pamene khungu liyamba kuyabwa, iwo wauluka kalekale. Nkhupakupa ilibe changu chotero. Yaikazi ya mtundu wa msana wolimba ikamatirira pakhungu la ng'ombe, galu kapena munthu, imakhala pomwepo sabata yathunthu, nthawi zina kupitirira masiku 10, ikuyamwa pang'onopang'ono mpaka kulemera kwake kuchulukitsidwe ka 100 kapena kuposa. Masiku onsewo bala limakhala lotseguka. Magazi saundana, ululu sumveka kwenikweni, ndipo asilikali a m'thupi, amene amayenera kuthamangira pamalopo, amafika mochedwa, ena osafika n'komwe.

Amene anabayidwapo ndi kaminga n'kuthyokera m'chala akudziwa kuti thupi silisunga mlendo wotero. Tsiku silitha, pamalopo pafiira, patupa, pakugunda, posakhalitsa mafinya. Nanga kachilombo kamene kazika mlomo wake m'nyama yamoyo kwa sabata kamapulumuka bwanji? Yankho lili m'malovu. Ndipo mukafunsa kumene malovu oterewa anachokera, mumafika pa majini, malangizo obadwa nawo opangira mapuloteni, ndi pa kulimbana kwa zaka mamiliyoni ambiri pakati pa woyamwa ndi woyamwidwa.

Tiyambe ndi kadyedwe kake. Nkhupakupa si m'bale wa ntchentche kapena udzudzu. Abale ake ndi akangaude ndi zinkhanira, n'chifukwa chake ikakula imakhala ndi miyendo 8. Mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 900. Yambiri, pafupifupi 700, ili m'banja la Ixodidae, la zija zokhala ndi kachishango kolimba pamsana, zimene zimayamwa kwa masiku. Ina pafupifupi 200 ili m'banja la Argasidae, la zofewa ngati kathumba kachikopa, zimene zimabisala m'ming'alu, m'zisa ndi m'mauna, n'kutuluka kudzayamwa kwa mphindi zingapo kapena ola limodzi basi. Pali banja lachitatu lokhala ndi mtundu umodzi wokha, tilipeza kutsogoloku.

Nkhupakupa siboola mtsempha n'kumakoka magazi ngati ndi kapaipi. Imacheka khungu ndi timipeni tiwiri ta kukamwa, imang'amba timitsempha tating'ono, magazi n'kudikha pansi pa khungu ngati kachithaphwi. M'kachithaphwimo imalowetsa mlomo wokhala ndi timano toloza kumbuyo ngati mbedza, ndipo mitundu yambiri ya msana wolimba imathirapo zomata zimene zimauma ngati simenti kuzungulira mlomowo. Ikatero imayamba kusinthanitsa: kumeza, kulavula, kumeza, kulavula. Magazi amakhala ndi madzi ambiri pomwe iyo ikufuna zolimba zake, choncho gawo lalikulu la madzi ndi mchere zimene yameza imazibweza m'thupi la nyamayo kudzera m'malovu, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Tiziwalo topanga malovuwo timaoneka ngati matsango awiri a mphesa m'mbali mwa thupi. Timakula kwambiri kuyamwa kukayamba, ndipo yaikazi ikakhuta n'kugwa pansi timafota n'kutheratu, poti ntchito yake yatha.

Thupi lovulazidwa limayankha m'njira zingapo zolukanalukana. Limatseka bala: mtsempha umafinyika, timaselo totchedwa mapulatileti timamatana n'kupanga chitsekerero, ndipo mapuloteni a m'magazi amadzutsana motsatizana mpaka factor Xa adzutse thrombin, thrombin aluke ulusi wa fibrin womanga magazi oundana. Limakuwanso: maselo a pakhungu amatulutsa histamine ndi serotonin, m'magazi mumapangika bradykinin, pamalopo n'kuyamba kuyabwa ndi kuwawa kuti nyama ikande, inyambite kapena idzikhule pamtengo. Kwa nkhupakupa, kukandidwa ndiyo imfa. Kenako asilikali amabwera: gulu la mapuloteni lotchedwa complement, timauthenga totchedwa chemokine toitana maselo oyera, ndipo pakapita masiku, maselo oyera otchedwa T ndi mapuloteni omata mdani otchedwa ma antibody, amene amaphunzira nkhope ya mdani n'kuisunga mumtima.

Palibe mankhwala amodzi amene angazimitse zonsezi, chifukwa njirazi zili ndi mphanda zambiri. Mukatseka uku, thupi limadzera uko. Choncho malovu a nkhupakupa ndi msakanizo wa mapuloteni mazanamazana. Apyrase amaswa ADP, chizindikiro choitana mapulatileti. Ma metalloprotease amasungunula fibrin. Pali odula bradykinin kuti ululu usamveke, ma serpin ndi ma cystatin otseka ma enzaimu (mapuloteni odula anzawo) a maselo oyera, ndi ma evasin okumbatira ma chemokine uthenga usanafike. Wasayansi José Ribeiro ndi anzake anatcha mndandanda wonse wa majini ndi mapuloteni a m'malovu kuti sialome, kuchokera ku liwu lachigiriki lotanthauza malovu, ndipo pofika 2002 anali atayamba kuuwerenga mu Ixodes scapularis, nkhupakupa yofalitsa matenda a Lyme ku North America. Makina owerengera majini atapita patsogolo, zinadziwika kuti m'tiziwalo ta malovu ta mtundu umodzi wokha mumapezeka malangizo zikwizikwi opangira mapuloteni otulutsidwa kunja.

Koma zikwizo zikasanjidwa, zambiri zimagwera m'mabanja owerengeka. Ndipo mabanja akuluakuluwo si zida zachilendo zimene nkhupakupa inatulukira yokha. Ndi mapuloteni wamba, ena mwa iwo ali m'thupi mwanu pamene mukuwerenga pano.

Zida zakale, ntchito zatsopano

Puloteni ali ngati ulusi wotungidwa timikanda ta mitundu 20, totchedwa amino acid. Ulusiwo ukatha kutungidwa umapindika n'kukhala ndi maonekedwe akeake, ndipo maonekedwewo ndi amene amanena chimene puloteniyo angagwire. Jini ndi kachigawo ka DNA pamene palembedwa dongosolo la timikandato.

Tengani banja la lipocalin. Puloteni wa m'banjali amapindika ngati kambiya kokhala ndi mphako pakati, ndipo ntchito yake kuyambira kale ndi kunyamula tinthu tating'ono m'mphakomo. Mwa ife, wina amanyamula vitamini A m'magazi, wina ali m'misozi. Alimo mumkaka wa ng'ombe, m'zomera, ngakhale m'mabakiteriya. Mwa nkhupakupa, wonyamula katunduyu anasanduka wolanda. Mu 1999 asayansi a ku Oxford, pakati pawo Guido Paesen ndi Patricia Nuttall, anaonetsa maonekedwe a lipocalin wa m'malovu a Rhipicephalus appendiculatus, nkhupakupa yofiirira imene imakonda makutu a ng'ombe. Ali ndi mphako ziwiri, ndipo amagwira histamine mwamphamvu moti amamutsomphola asanafike pa maselo amene akanamumva. Mfuu yakuwidwa, koma yamezedwa panjira. Mu Ornithodoros moubata, nkhupakupa yofewa, lipocalin wotchedwa moubatin amameza thromboxane A2 kuti mapulatileti asamatane. M'bale wake OmCI amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: m'mphako amatsekeramo leukotriene B4, woitana maselo oyera, pomwe ndi kunja kwake amakakamira puloteni C5 wa complement kuti asadulidwe n'kuyamba kuwononga. Chimango n'chimodzimodzi, chasintha ndi timikanda ta m'mphako ndi ta pakhungu lake.

Banja la Kunitz ndi limene limandigwira mtima kwambiri, chifukwa limaonetsa kutalika kwa ulendo umene puloteni angayende osataya chimango chake. Dzinali ndi la Moses Kunitz, amene mu 1936, pamodzi ndi John Northrop, anapatula puloteni woyamba wa mtunduwu m'kapamba wa ng'ombe. Ndi wamng'ono, wa timikanda pafupifupi 60, womangidwa ndi mfundo zitatu za sulufule zimene zimamulimbitsa. Ntchito yake yakale ndi kulowetsa kachala kamodzi pakamwa pa enzaimu yodula mapuloteni, monga chitsekerero pa botolo. Mu 1990 ofufuza a kampani ya Merck anapeza mu Ornithodoros moubata puloteni amene anamutcha TAP. Chimango chake n'cha Kunitz, amatseka factor Xa, koma kachala kakale kaja sakagwiritsa ntchito. Amalowetsa nsonga ya ulusi wake. Ornithodorin, wa nkhupakupa yomweyo, ndi ma Kunitz awiri olumikizana amene amagwira thrombin malo awiri, ngati munthu wogwira ndi manja onse. Savignygrin, wa mtundu wina wa Ornithodoros, anasiyiratu zotseka ma enzaimu. Pa chimango chakalecho panamera timikanda titatu totsatizana, arginine, glycine ndi aspartate, timene timalowa ndendende pa chogwirira chimene mapulatileti amalumikizirana, choncho mapulatileti amafika pabala n'kulephera kugwirana manja. Mu Ixodes scapularis muli Ixolaris wa zigawo ziwiri ndi Penthalaris wa zigawo zisanu, otseka kuundana pachiyambi penipeni. Njoka za mamba nazo zinatola chimango chomwechi n'kupanga dendrotoxin, poizoni wosokoneza mitsempha ya mauthenga.

Kope lachiwiri

Apa pali vuto. Ngati puloteni ali ndi ntchito yofunika, kusintha kulikonse kowononga ntchitoyo sikupita patali, chifukwa chamoyo chobadwa nako sichikula kapena kubereka bwino. Ndiye jini ingasinthe bwanji ntchito popanda kupha mwini wake?

Njira yake ndi kukopera. Pamene mazira ndi umuna zikupangidwa, ma chromosome (timitolo ta DNA tonyamula majini) ochokera kwa mayi ndi kwa bambo amayalana n'kusinthana zigawo. Nthawi zina sayalana molunjika, mmodzi n'kuchoka ndi makope awiri a jini imodzi, mnzake chimanjamanja. Mwana wolandira makope awiriwo ali ndi danga: kope limodzi lipitiriza ntchito yakale, linalo lingasinthe popanda choopsa. Katswiri wa majini Susumu Ohno anafotokoza kufunika kwa zimenezi m'buku lake la mu 1970. Makope ambiri amangowonongeka n'kutsala ngati mabwinja mu DNA. Ena amagawana ntchito yakale, lina kugwira m'matumbo, lina m'malovu. Owerengeka okha ndi amene amapeza ntchito yatsopano. Ndipo pakangokhala makope awiri ofanana oyandikana, kuyalana molakwika kumachitika mosavuta, awiri n'kukhala atatu, anayi, kumangowonjezekera. N'chifukwa chake majini a banja limodzi a m'malovu kawirikawiri amapezeka atandandalikana pamalo amodzi pa chromosome. Katswiri wina wa majini, Masatoshi Nei, anatcha kachitidwe kameneka kubadwa ndi kufa kwa majini: ena akubadwa, ena akufa, banja likupitirira.

DNA ya Ixodes scapularis itawerengedwa, inafalitsidwa mu 2016. Ili ndi zilembo pafupifupi 2.1 biliyoni, poyerekeza ndi zoposa pang'ono 3 biliyoni za munthu, ndipo majini opanga mapuloteni ndi oposa 20,000, chiwerengero chofanana ndi chathu. Pafupifupi 70 peresenti ya DNA imeneyi ndi zigawo zobwerezabwereza, zimene zinavutitsa kwambiri oilumikiza, komanso zimene zimachititsa ma chromosome kusokera poyalana. Mu 2020 gulu la ku China linatulutsa DNA ya mitundu ina 6, kuphatikizapo Rhipicephalus microplus ya ng'ombe ndi Rhipicephalus sanguineus ya agalu. Kuchulukitsa kumayendera limodzi ndi kutaya: nkhupakupa zinataya majini ambiri opangira heme, chinthu chimene chimafiiritsa magazi, popeza zimachipeza chambirimbiri m'chakudya chawo.

Pali njira yodziwira ngati jini ikuthamangitsidwa ndi mdani. DNA imawerengedwa zilembo zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimatchula kamkanda kamodzi. Chilembo chikasintha, nthawi zina kamkanda kamakhala komweko, nthawi zina kamasintha. M'majini osamalira ntchito za tsiku ndi tsiku za selo, kusintha kwachete kumachuluka, chifukwa kusintha kwa timikanda kumalangidwa. M'mabanja angapo a m'malovu, ofufuza apeza zotembenuka: malo ena kusintha kwa timikanda n'kochuluka kuposa kwachete, ndipo malowo kawirikawiri amakhala kunja kwa puloteni, kumene amakumana ndi thupi la nyama. Timikanda ta cysteine, tomanga mfundo za sulufule zija, timakhala pamalo pake osasuntha, zina zonse zikusinthasintha mozungulira. Zotsatira zake n'zakuti mitundu iwiri yapachibale imatha kukhala ndi mapuloteni a m'minofu ofanana kwambiri, koma a m'malovu osiyana kutalitali. Ambiri asintha mpaka kompyuta yofananitsa majini imalephera kuwapezera m'bale mwa zamoyo zina, ndipo ubale umaonekera pokhapokha maonekedwe awo atajambulidwa. Amene ntchito yawo yatsimikizidwa m'labotale ndi ochepa zedi poyerekeza ndi amene alembedwa pamndandanda.

Nanga makope makumimakumi a puloteni mmodzi n'ngachiyani? Chifukwa chimodzi ndi kusiyana kwa nyama. Ixodes scapularis ikakhala yaing'ono imayamwa mbewa, mbalame kapena buluzi, ikakula imakwera gwape, ndipo magazi a zonsezi safanana. China ndi kuchuluka kwa zofunika kutsekedwa: munthu ali ndi ma chemokine oposa 40, pomwe evasin mmodzi amagwira ochepa okha. Ma evasin oyamba anapezeka ku Geneva cha m'ma 2007 mu Rhipicephalus sanguineus, ndipo pambuyo pake apezeka mazana m'mitundu ina.

Koma chifukwa chimene ine ndimachiona champhamvu kuposa zonse ndi nthawi. Mu 1939 wasayansi William Trager anaika ana a nkhupakupa ya Dermacentor variabilis pa mbira. Ulendo woyamba anakhuta bwinobwino. Maulendo otsatira ambiri analephera: pamalo polumidwa pankadzaza maselo oyera, tinkhupakupato n'kugwa tisanakhute kapena kufera pomwepo. Thupi limaphunzira malovu. Puloteni aliyense wolavulidwa m'bala wasiya phazi limene chitetezo chidzalondola. Tsono thupi limafuna sabata kapena kuposa kuti lipange ma antibody oyamba, ndipo nkhupakupa ya msana wolimba imakhala pabala nthawi yoyandikira pamenepo. Atayeza tiziwalo ta malovu pa masiku osiyanasiyana, ofufuza anapeza kuti msakanizo sukhala umodzi. Majini amene anadzuka tsiku loyamba amagona, abale awo n'kudzuka m'malo mwawo. Pofika tsiku lachitatu kapena lachisanu, ndi enanso. Ntchito ndi yomweyo, koma nkhope ndi ina, moti ma antibody akamafika amapeza amene akumufuna atachoka kale. Ngakhale nkhupakupa ziwiri za mtundu umodzi zoyamwa nyama imodzi sizilavula zofanana ndendende. Akatswiri ena amaganizanso kuti kugawa ntchito pa makope ambiri kumachititsa kuti kope lililonse likhale lochepa kwambiri m'bala, losadzutsa chitetezo msanga.

Mbira si chakudya chachibadwa cha nkhupakupa zimenezi, ndipo pamenepa pali phunziro. Mbewa za mapazi oyera za ku North America, zimene zakhala ndi Ixodes scapularis kuyambira makedzana, sizikana nkhupakupayo ngati mmene mbira zimachitira, ngakhale zilumidwe kangapo. Malovu anasulidwira nyama imene akhala akulimbana nayo. Ng'ombe nazo zimasiyana: za linunda, za mtundu wa zebu, zimakana nkhupakupa kuposa za mitundu ya ku Ulaya.

Kumene zinayambira

Utomoni wa mitengo umene unauma n'kukhala ngati mwala ku Myanmar, wa zaka pafupifupi 99 miliyoni, wasunga nkhupakupa ya msana wolimba itagwirira nthenga, imene ofufuza mu 2017 anati inali ya dinosaur wa nthenga. Ndiye kuti pa nthawi imeneyo mabanja a nkhupakupa anali atapatukana kale, ndipo chiyambi chawo chili kumbuyo kwambiri.

Ben Mans wa ku South Africa ndi anzake atafananitsa malovu a zolimba ndi zofewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza kuti zida zawo zambiri zotsekera thrombin ndi mapulatileti sizichokera kwa kholo limodzi. Anaganiza kuti mabanja awiriwa anazolowera kuyamwa magazi lililonse palokha. Kenako mu 2011 gulu lake linapeza Nuttalliella namaqua yamoyo. Uwu ndi mtundu wa banja lachitatu lija, wosowa kwambiri, wobisala m'ming'alu ya matanthwe kum'mwera kwa Africa, umene unalembedwa koyamba mu 1931. M'mimba mwake munali magazi a abuluzi, ndipo majini amene anayeza anaonetsa kuti nthambi yake ndi yakale kwambiri pa mtengo wa nkhupakupa. Ngati nthambi yakale chonchi imayamwa magazi, kholo la zonse liyenera kuti linkayamwanso. Maganizo anasintha: kuyamwa kunayamba kamodzi, ndi zida zochepa monga apyrase, lipocalin ndi Kunitz, kenako banja lililonse linachulukitsa makope ake m'njira yake. Ndimalemekeza kuti amene anagwetsa ganizo loyamba ndi omwewo amene analiyambitsa, ataona zimene kanyama ka m'mng'alu kanawauza.

Kadyedwe ndi kamene kanalamula njira ziwirizo. Yofewa, poti imathamanga, imapangiratu mapuloteni ake n'kuwasunga m'timibulu, kenako kuwakhuthula nthawi imodzi. Ambiri ndi olimbana ndi kuundana ndi kutupa koyambirira. Yolimba imapanga atsopano masiku onse amene ili pabala, ndipo ndi imene ili ndi mabanja aakulu olimbana ndi chitetezo chophunzira chija.

Zoyamwa magazi zina zinafika pa mayankho ofanana podzera njira zawozawo. Udzudzu umameza histamine ndi serotonin pogwiritsa ntchito mapuloteni a D7, ochokera ku banja lonyamula fungo. Nsikidzi zouluka za Rhodnius za ku Latin America zinatola lipocalin, koma pazokha, osatengera kwa nkhupakupa. Msundu umatseka thrombin ndi hirudin, pomwe nkhupakupa ya Amblyomma variegatum imamutseka ndi variegin, kaulusi ka timikanda 32 kokha. Magazi a nyama za msana amadziteteza mofanana, choncho vuto linali limodzi, ndipo chamoyo chilichonse chinatola chimene chinali nacho pafupi.

Pali jini ina imene sinachokere mwa makope a makolo n'komwe. Mu 2015 zinadziwika kuti nkhupakupa zili ndi jini yotchedwa dae2, imene inadumpha kuchokera kwa mabakiteriya kalekale. Mabakiteriya amaigwiritsa ntchito pobaya anzawo poizoni wong'amba khoma la selo. Kafukufuku wa mu 2020 wa gulu la Seemay Chou ku San Francisco anaonetsa kuti puloteni wa jiniyi amatuluka m'malovu n'kupha mabakiteriya wamba a pakhungu monga Staphylococcus, amene ife timakhala nawo mwamtendere koma kwa nkhupakupa ndi oopsa ikawameza. Borrelia burgdorferi, woyambitsa matenda a Lyme, puloteniyu payekha alibe mphamvu yomupha.

Olowera pakhomo lotseguka

Bala limene chitetezo chagonekedwa ndi khomo la aliyense wofuna kulowa, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya m'labotale mokha. Theileria parva, woyambitsa chigodola cha ng'ombe, amakhwimira m'kati mwa maselo a tiziwalo ta malovu ta Rhipicephalus appendiculatus, n'kutsika ndi malovuwo. Mu 1987 Linda Jones, Patricia Nuttall ndi anzawo anaonetsa kuti kachilombo ka Thogoto kamatha kuchoka mwa nkhupakupa yodwala n'kulowa mwa yabwino zikamayamwa mbira imodzi, ngakhale m'magazi a mbirayo kachilomboko kasakuoneka; malovu ndi amene amakonza njira. Borrelia amapita patsogolo kuposa pamenepo. Ixodes scapularis ili ndi puloteni Salp15 amene amagwira chogwirira chotchedwa CD4 pa maselo a T n'kuwalepheretsa kudzuka. Mu 2005 gulu la Erol Fikrig ku Yale linapeza kuti bakiteriyayu amachititsa nkhupakupa kupanga Salp15 wochuluka, kenako amamuvala pathupi pomugwira ndi puloteni wake OspC, ma antibody n'kulephera kumupha. Chida chimene nkhupakupa inadzisulira chasanduka malaya a mlendo wake.

Kuchuluka kwa makope kuja n'kumene kwavutitsa ofuna katemera. Mukaphunzitsa thupi kuzindikira puloteni mmodzi wa m'malovu, abale ake amagwira ntchito m'malo mwake, nkhupakupa n'kukhuta ndithu. Akatemera a ng'ombe amene anafika pamsika m'zaka za m'ma 1990, TickGARD ku Australia ndi Gavac ku Cuba, anazemba vutoli posankha Bm86, puloteni wa m'matumbo a nkhupakupa amene thupi la ng'ombe silimuona polumidwa. Ma antibody amalowa ndi magazi omezedwa n'kukawononga matumbowo. Katemerayu amachepetsa kuswana kwa nkhupakupa, koma saletsa kuluma. Mbali inayi, mapuloteni amene asulidwa kwa zaka mamiliyoni kuti agwire chinthu chimodzi m'magazi molondola ndi chuma kwa opanga mankhwala: OmCI uja anakonzedwa kukhala mankhwala otchedwa nomacopan, amene ayesedwapo pa anthu odwala matenda obwera chifukwa cha complement wopitirira muyeso.

Mu 2021 gulu la ku Yale lija linayesa njira ina. M'malo mwa puloteni mmodzi, linaika malangizo a mapuloteni 19 a m'malovu a Ixodes scapularis mu katemera wa mRNA, wophunzitsa thupi kupanga lokha mapuloteniwo, n'kubaya mbira. Cholinga sichinali kupha nkhupakupa, chinali kubwezera khungu mawu ake. Mbira zobayidwa zikalumidwa, pamalopo pankafiira tsiku lisanathe, nkhupakupa sizinkayamwa bwino ndipo zambiri zinkagwa msanga. Nthawi imeneyi n'njofunika chifukwa Borrelia kawirikawiri amafuna kuti nkhupakupa ikhale pakhungu kupitirira tsiku limodzi, nthawi zambiri awiri, asanawoloke. Ofufuzawo akachotsa nkhupakupa kufiira kutangooneka, monga angachitire munthu amene wamva kuyabwa, palibe mbira yobayidwa imene inatenga bakiteriyayo, pomwe pafupifupi theka la zosabayidwa zinamutenga. Atayesa katemera yemweyo pa mbewa, nyama za mtundu umene nkhupakupayi yakhala ikuyamwa kuyambira kale, khungu silinayankhe chotero, ndipo nkhupakupa zinayamwa mpaka kukhuta.